Kutolera makhadi a Chicago Cubs: poyambira, posamala ndi posinthana

Funso lachokera kwa bambo wina amene akukhala mumzinda wa South Bend, ku Indiana m'dziko la America. Iwo alemba kuti: "Mwana wanga wazaka 10 wayamba kukonda baseball kuchokera pamene tinayamba kupita kukaonera timu ya South Bend Cubs, ndipo tsopano tonse awiri timasapota Chicago Cubs. Mnzanga wa kuntchito watipatsa katoni yodzaza ndi makhadi a osewera a matimu osiyanasiyana, ambiri mwa iwo a zaka za pakati pa 1987 ndi 1992. Kodi katoniyi ingakhale ya ndalama zambiri monga momwe timamvera? Tikufuna kumatolera makhadi a Cubs okha. Tiyambire pati, ndipo tingasinthane bwanji ndi anthu ena popanda kuberedwa?"

Bambo, ndiyambe ndi katoniyo chifukwa ndikudziwa kuti mtima wanu uli pamenepo. Makhadi a zaka zimene mwatchulazo ndi amene ali otchipa kwambiri m'mbiri yonse ya malonda amenewa, ndipo ngati katoni yanu ili ngati makatoni ambiri a nthawi imeneyo, khadi lililonse m'menemo lingagulidwe ndi masenti ochepa chabe, mwinanso osapezeka woligula n'komwe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuchokera mu 1956, pamene kampani ya Topps inagula kampani yopikisana nayo ya Bowman, mpaka mu 1980, Topps inali pafupifupi yokha pamsika. Mu 1981, nkhani itadutsa kukhoti, makampani a Fleer ndi Donruss analowa nawo, kenako Score mu 1988 ndi Upper Deck mu 1989. Pofika nthawi imeneyi, anthu a ku America anali atamva kuti makhadi akale akugulidwa pamitengo yokwera, choncho makolo ndi ana omwe anayamba kugula makhadi atsopano m'mabokosi athunthu n'kumawasunga mosamala kuti adzalemere nawo. Makampani nawo ataona kuti malonda akoma, anasindikiza mamiliyoni osawerengeka. Zotsatira zake n'zakuti makhadi a zaka zimenezo ali ngati mango a mu December, amene ngakhale atakoma bwanji palibe angakugulireni chifukwa khomo lililonse lili ndi mtengo wake. Otolera makhadi amatcha nyengo imeneyi junk wax, ndipo inatha cha mu 1994, chaka chimene osewera ananyanyala ntchito mpaka World Series, mpikisano womaliza wolimbirana chikho cha baseball, unalephereka.

Musaitaye komabe. Kwa munthu wotolera makhadi a Cubs, katoni yotereyi ndi mpamba woyambira. Muli makhadi a Ryne Sandberg, a Andre Dawson amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu National League (imodzi mwa ligi ziwiri zazikulu za baseball ku America) mu 1987, a Mark Grace ndi a Shawon Dunston, ndipo ngati mwayi ulipo mupezamo khadi loyamba la Greg Maddux la Donruss la 1987, nambala 36. Makhadi a matimu ena onsewo ndi amene mudzagwiritse ntchito posinthana, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Nkhani za mitengo yodabwitsa zimene mumamvazo n'zoona, koma zimakhudza makhadi owerengeka a mtundu wina. Khadi la Mickey Mantle, katswiri wa New York Yankees, la Topps la 1952 linagulidwa pa madola 12.6 miliyoni mu August 2022, ndipo mwezi womwewo khadi la Honus Wagner, la m'gulu la makhadi otchedwa T206 amene kampani ya American Tobacco inkaika m'mapaketi a ndudu pakati pa 1909 ndi 1911, linagulidwa pa madola 7.25 miliyoni. Makhadi amenewa anakwera mtengo chifukwa pa nthawi yake palibe ankawaona ngati chuma. Ana ankawaika m'thumba, kuwaseweretsa, kuwamangirira ku masipokosi a njinga kuti azilira, ndipo amayi ankawataya poyeretsa m'nyumba, moti amene anatsala ali bwinobwino ndi ochepa zedi. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi cha Andy Pafko, amene anasewera Cubs kuyambira 1943 mpaka 1951 asanapite ku Brooklyn Dodgers. Pafko anali wosewera wabwino koma sanali wa msinkhu wa Mantle, komabe khadi lake la Topps la 1952 limadula kwambiri likakhala losawonongeka, chifukwa linali nambala 1. Ana ankasanja makhadi awo motsatira manambala n'kuwamanga ndi mphira, ndipo khadi lapamwambalo ndi limene linkadyeka m'mphepete ndi kukalika.

Tsopano pa funso lanu lalikulu, la poyambira. Musanagule khadi lina lililonse, khalani pansi ndi mwanayo mugwirizane kuti khadi la Cubs ndi liti, ndipo mulembe malire amenewo. Izi zikumveka ngati zachibwana mpaka mutakumana ndi osewera amene mbiri yawo yagawanika pakati pa matimu awiri. Ferguson Jenkins, woponya mpira wa ku Canada amene anapambana masewera 20 kapena kuposerapo zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana ku Cubs, kuyambira 1967 mpaka 1972, ali ndi khadi loyamba la Topps la 1966 limene likumuonetsa ali wa Philadelphia Phillies. Makhadi oyamba a Sammy Sosa, a 1990, ambiri akumuonetsa atavala yunifomu ya White Sox, timu ina ya mumzinda womwewo imene osapota Cubs safuna n'kuimva komwe. Khadi loyamba la Anthony Rizzo ali mu ligi yaikulu, la 2011, ndi la San Diego Padres, ndipo khadi loyamba la Bowman la Pete Crow-Armstrong, amene mwana wanu ayenera kuti amamukonda, ndi la New York Mets, chifukwa anabwera ku Cubs mu July 2021 posinthana ndi Javier Báez. Mbali inayi, khadi loyamba la Lou Brock, la Topps la 1962, ndi la Cubs ndithu, ngakhale kuti Brock anakatchuka ku St. Louis Cardinals, adani akale a Cubs, atamupereka mu June 1964 posinthana ndi Ernie Broglio pa malonda amene anthu a ku Chicago amadandaula nawo mpaka lero.

Otolera ambiri a timu imodzi amatsatira lamulo lakuti khadi ndi la timu imene yalembedwa pakhadipo, kaya wosewerayo anadzachita zotani pambuyo pake. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli ndi labwino chifukwa silifuna kukangana. Potsatira limenelo, Brock ndi wanu ndipo Jenkins wa 1966 si wanu, koma mungathe kusiya tsamba limodzi kumapeto kwa buku losungiramo makhadi loti muziikamo makhadi oyamba a akatswiri a Cubs amene anayambira kwina. Chofunika n'chakuti tsambalo likhale limodzi, chifukwa mukangolola kuti aliyense amene anavalapo yunifomu ya Cubs alowe ndi makhadi ake onse, ndiye kuti malire agwa ndipo mukutolera ligi yonse.

Malire achiwiri ndi a mitundu ya makhadi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri atsopano amathera ndalama. Kuyambira 1982 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Topps inkatulutsa gulu limodzi lalikulu la makhadi 792 pachaka, kutanthauza kuti timu iliyonse inkakhala ndi makhadi pafupifupi 30, ndipo munthu ankatha kumaliza. Masiku ano kampani yomweyo, imene kuchokera mu 2010 ndi yokhayo yololedwa kugwiritsa ntchito mayina ndi zizindikiro za matimu a Major League Baseball, ndipo inagulidwa ndi kampani ya Fanatics kumayambiriro kwa 2022, imatulutsa magulu ambirimbiri pachaka, monga Chrome, Heritage, Stadium Club, Allen & Ginter ndi Bowman. Pamwamba pa apo, khadi limodzi limasindikizidwa m'mitundu yosiyanasiyana chithunzi chili chomwecho: lina la m'mphepete mwagolide lokhala ndi nambala yofanana ndi chaka, monga kuti anasindikiza 2024 okha, lina lonyezimira, lina losindikizidwa 50 okha, mpaka lina limodzi lokha padziko lonse. Palibe munthu, kaya akhale wolemera bwanji, amene angatolere makhadi onse a Cubs a chaka chimodzi chokha. Malangizo anga ndi akuti msana wa zotolera zanu ukhale gulu lalikulu la Topps lija, limene limatuluka m'zigawo zitatu: Series 1 cha mu February, Series 2 cha mu June, ndi Update nyengo ya masewera ikamatha. Gulu limeneli latuluka chaka chilichonse kuyambira 1952, choncho munthu amene wasanja makhadi a Cubs a gulu limeneli chaka ndi chaka amakhala ndi mbiri ya timuyo m'manja mwake. Zonyezimirazo muzisungire wosewera mmodzi kapena awiri amene mwanayo amawakonda.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi chaka chino n'kumabwerera m'mbuyo, ndipo 2016 ndikanachipatsa malo apadera. Chaka chimenecho Cubs inatenga World Series koyamba kuchokera mu 1908, patadutsa zaka 108, itagonjetsa Cleveland 8 kwa 7 pamasewera achisanu ndi chiwiri pa 2 November. Makhadi wamba a Kris Bryant, Rizzo, Báez, Jon Lester, Kyle Hendricks ndi Ben Zobrist a chaka chimenecho ndi otchipa, makamaka popeza osewera ambiri a timu ija anabalalika. Chinalinso chaka chimene Topps inayamba makhadi otchedwa Topps Now, amene amasonyeza zimene zachitika pamasewera a dzulo ndipo amagulitsidwa kwa nthawi yochepa chabe, moti pali makhadi osonyeza ulendo wonse wa chikho chija. Kubwerera m'mbuyo mpaka 1981 ndi ntchito ya ndalama zochepa, kupatula khadi loyamba la Sandberg la 1983, nambala 83, limene nalonso silidula mopambanitsa likakhala losapimidwa ndi makampani opatsa makhadi malikisi, ngakhale kuti anthu analifunafuna kwambiri iye atamwalira mu July 2025.

Kuvuta kumayamba mukadutsa 1974 kupita m'mbuyo. Chisanafike chaka chimenecho, Topps inkatulutsa makhadi pang'onopang'ono m'zigawo zingapo, ndipo chigawo chomaliza chinkafika m'masitolo ana atabwerera kusukulu ndipo maganizo awo ali pa mpira wina wotchedwa American football. Eni masitolo ankaoda ochepa, choncho makhadi a manambala apamwamba ndi osowa. Pa chifukwa chimenechi mudzadabwa kuona khadi la wosewera amene simunamumvepo likudula kuposa la katswiri wa chaka chomwecho. Musaganize kuti wogulitsayo akukuberani, yang'anani kaye nambala kuseri kwake. M'zaka zimenezi muli makhadi amene wotolera wa Cubs aliyense amawalakalaka: a Ron Santo ndi Billy Williams, onse awiri oyamba mu 1961, ndiponso la Ernie Banks la 1954, nambala 94. Banks, amene anachokera ku Kansas City Monarchs, timu ya mu ligi ya anthu akuda, n'kukhala munthu wakuda woyamba kusewera Cubs mu 1953, anamenya ma home run 512 (kumenya mpira mpaka kutuluka kunja kwa bwalo) ndipo sanasewerepo timu ina mu ligi yaikulu mpaka anapuma mu 1971. Khadi lake loyamba ndi lodula ngakhale litatha m'makona, ndipo ndi chinthu choti mudzagule patapita zaka, diso litakhwima.

Palinso makhadi otchipirapo amene ali ndi nkhani zimene mungamafotokozere mwana. Ken Hubbs anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana mu National League mu 1962, koma anafa pangozi ya ndege mu February 1964 ali ndi zaka 22, ndipo Topps inatulutsa khadi lomukumbukira chaka chomwecho. Patapita zaka ziwiri, kampaniyo inalakwitsa n'kuika chithunzi cha malemu Hubbs pa khadi la mnzake Dick Ellsworth la 1966. Makhadi awiriwa akaikidwa pamodzi patsamba amachititsa munthu kuima kaye. Ndipo ngati tsiku lina mudzafune khadi limodzi la zaka zoposa 100, osewera wamba a Cubs a m'gulu la T206 amapezeka pamtengo woti munthu wapantchito angakwanitse, pamene Joe Tinker, Johnny Evers, Frank Chance ndi Mordecai Brown, akatswiri a timu imene inatenga chikho mu 1907 ndi 1908, amafuna thumba lolemererapo.

Pa kagulidwe, ndilankhula mosabisa: munthu wotolera timu imodzi asamadalire mapaketi otseka. Ligi ili ndi matimu 30, kutanthauza kuti pa makhadi 30 alionse amene mwatsegula, la Cubs limakhala pafupifupi limodzi, ndipo mwina n'kukhala loti muli nalo kale. Ndalama ya bokosi limodzi ingakugulireni makhadi onse wamba a Cubs a zaka zingapo kwa anthu amene amatsegula mabokosi ambiri n'kumagulitsa timu ndi timu pa misika ya pa intaneti monga eBay, Sportlots kapena COMC. Sindikunena kuti mwana asalawe chisangalalo chong'amba paketi. Mugulireni imodzi kapena ziwiri pa tsiku lobadwa, koma muziiwerengera ngati ndalama ya switi. Chimene ndikukuchenjezani kwenikweni ndi malonda otchedwa break, pamene munthu amatsegula mabokosi pa kanema wa pa intaneti ndipo inu mumalipira kuti makhadi onse a Cubs amene atuluke akhale anu. Zimaoneka ngati anakonzera inuyo, koma malo a Cubs amadula chifukwa timuyi ili ndi osapota ambiri, ndipo nthawi zambiri zimene zimatuluka sizifika pa ndalama imene mwalipira. Kachitidwe kake ndi ka juga, ndipo mwana wazaka 10 sayenera kuzolowera kugunda kwa mtima kotero. Mwa njira iliyonse imene mukugulira, mtengo weniweni wa khadi ndi umene anthu alipira posachedwapa, osati umene wogulitsa walemba. Pa eBay pali posankha kuti muone makhadi amene agulidwa kale, ndipo muzionapo nthawi zonse musananenerere.

Maonekedwe a khadi ndi amene amasiyanitsa mitengo, ndipo anthu amayang'ana zinthu zinayi: ngati chithunzi chili pakati penipeni, kuthwa kwa makona, kusalala kwa m'mphepete, ndi nkhope ya khadi ngati ilibe mikwingwirima, makwinya kapena madontho. Tengani khadi limodzi la m'katoni yanu, mulipendeke pansi pa nyale yowala, ndipo muona timizere timene simunationa mutaliyang'ana chamaso. Makhadi ena a zaka zimenezo ali ndi banga kuseri lochokera ku chingamu chimene Topps inkaika m'mapaketi mpaka 1991, kapena ku phula la pepala lokutira. Kusunga sikufuna ndalama zambiri. Makhadi wamba amakhala bwino m'mapepala apulasitiki a matumba asanu ndi anayi omangidwa m'buku, bola pulasitikiyo ikhale yolembedwa kuti ilibe PVC, chifukwa mtundu umenewo umamata ndi kuwononga utoto pakapita zaka. Khadi lamtengo liyambe lalowa m'kathumba kofewa kotchedwa penny sleeve, kenako m'chosungira cholimba chotchedwa toploader. Mukaliika m'cholimbacho lopanda kathumba, limakhulika nkhope. Dziwaninso kuti kukula kwa masiku ano, mainchesi 2.5 m'lifupi ndi 3.5 m'litali, kunayamba mu 1957, kotero khadi la Banks la 1954 ndi lalikulupo ndipo silingalowe m'thumba wamba popanda kupindika makona. Nyumba zambiri za ku Indiana zili ndi chipinda chapansi, ndipo anthu amakonda kusungako makatoni, koma chinyezi cha kumeneko chimapinda makhadi ndi kuwachititsa nkhungu. Asungeni m'chipinda chogona, kutali ndi dzuwa.

Mudzamvanso zambiri za kupimitsa makhadi. Makampani monga PSA, imene inayamba mu 1991, SGC ndi Beckett amalandira khadi, kulitsimikizira kuti ndi lenileni, kulipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10, ndi kulitsekera m'kabokosi kapulasitiki. Kwa inu pakalipano, kutumiza makhadi kuti akapimidwe ndi kutaya ndalama, chifukwa malipiro ake amaposa mtengo wa pafupifupi khadi lililonse la m'katoni mwanu, ndipo makhadi a zaka zimenezo amapindulitsa pokhapokha atapeza 10, zimene sizichitika kawirikawiri pa makhadi amene akhala akugubuduzika m'katoni zaka zoposa 30. Kupima kumakuthandizani pamene mukugula khadi lakale lodula. Pali makhadi achinyengo ambiri a Banks, ena osindikizidwa dzulodzuloli n'kuwadetsa dala kuti aoneke akale, ndipo pali enieni amene anadulidwa m'mphepete ndi lumo kuti makona aoneke akuthwa. Makhadi a Topps a 1971, chaka cha khadi lomaliza la Banks ali wosewera, ali ndi m'mphepete mwakuda mmene mumasupuka msanga, ndipo akathyali amapakamo inki yakuda kubisa zoyerazo. Chinyengo chimenechi sichili kwa ogulitsa ang'onoang'ono okha. Khadi la Wagner limene Wayne Gretzky ndi Bruce McNall anagula pa madola 451,000 mu 1991, lomwenso linali loyamba kupimidwa ndi PSA, linadzadziwika kuti linadulidwa, pamene Bill Mastro, amene anali mwini kampani yogulitsa zinthu zoterezi ku Illinois, anavomera zimenezi m'khoti mu 2013. Choncho ngakhale kabokosi kapulasitiki sikalowa m'malo mwa diso lanu, koma pa khadi la madola mazana angapo, kugula lopimidwa ndi nzeru. Kwa wotolera ngati inu, khadi lakale la malikisi 3 kapena 4 lokhala ndi chithunzi chapakati ndi lokwanira, ndipo limakongola m'buku mofanana ndi la 8 pa kagawo kochepa ka mtengo wake.

Tifike pa kusinthana, pamene munthu wa timu imodzi ali ndi mwayi woposa wina aliyense. Wotolera akatswiri okhaokha amafuna zimene aliyense akufuna, koma inu mukufuna khadi la wosewera wa Cubs wa 1989 amene aliyense anamuiwala, ndipo kwinakwake kuli munthu wa Cardinals, wa Detroit Tigers kapena wa Cincinnati Reds amene khadi limenelo likungomudyera malo, pamene makhadi a timu yake akungokudyerani malo inuyo. Ntchito yoyamba ndi kusanja katoni yonse timu ndi timu, ntchito imene mwana angaigwire mosangalala ndi kuphunzirapo mayina a matimu. Yachiwiri ndi kulemba mindandanda iwiri, wa zimene mukufuna ndi wa zimene mungapereke, potchula chaka, kampani ndi nambala ya khadi. Malo a pa intaneti otchedwa Trading Card Database ali ndi mindandanda ya magulu pafupifupi onse, amakulolani kuona makhadi a timu imodzi, ndipo amayerekeza mndandanda wanu ndi wa anthu ena kuti mudziwe amene ali ndi zanu pamene inu muli ndi zawo. Popanda mndandanda mudzagula khadi lomwelo katatu.

Kusinthana kuli ndi mwambo wake, ndipo mbiri ya munthu ndiyo ndalama yake. Wobwera kumene ndi amene amayamba kutumiza, ndipo musakhumudwe munthu wodziwika kale akakupemphani kutero. Mukamaliza kusinthana kangapo bwinobwino, anthu amalemba umboni pa dzina lanu ndipo zimapepuka. Pa makhadi wamba, anthu ambiri sawerengera masenti, amangogwirizana kuti 30 a timu iyi pa 30 a timu iyo, ndipo kukhala wowolowa manja pang'ono kumabweza zambiri kuposa kukakamira. Pa khadi lamtengo, gwirizanani kaye mtengo wa mbali zonse ziwiri potsatira zimene zagulidwa posachedwapa, ndipo tumiziranani zithunzi za kumaso ndi kuseri zojambulidwa powala. Chilema chilichonse chitchuleni nokha mnzanuyo asanachione, ngakhale kakwinya koonekera pokhapokha khadi litapendekeka. Ngati pali ndalama yowonjezera, lipirani kudzera njira imene imateteza wogula, monga gawo la PayPal la katundu ndi malonda. Munthu wosamudziwa akakakamira kuti mutumize ngati mphatso ya kwa mnzanu, dziwani kuti katunduyo akapanda kufika mulibe kodandaula. Chenjeraninso ndi wofulumizitsa, wonena kuti pali wina akudikira khadi lomwelo ndiye muyankhe lero.

Katumizidwe kamawononga maubale ambiri kuposa chinyengo. Makhadi ochepa otchipa angapite mu envulopu wamba ndi sitampa, ataikidwa m'kathumba ndi kupanikizidwa pakati pa timakatoni tiwiri kuti asayendeyende, koma envulopuyo isakhale yonenepa chifukwa makina a positi amaing'amba. Makhadi ambiri kapena amtengo apite mu envulopu yokhala ndi zofewa m'kati, pamodzi ndi nambala yolondolera katundu. Kukamwa kwa toploader mutsekeko ndi tepi yabuluu imene opaka penti amagwiritsa ntchito, chifukwa imamatuka osasiya ulimbo, pamene selotepi wamba imachititsa wolandirayo kulimbana nayo ndi mpeni pafupi ndi khadi. Zokambirana zonse za pa intaneti, pamodzi ndi adiresi ya nyumba, zikhale m'manja mwanu osati mwa mwana. Iye akamasinthana ndi anzake kusukulu kapena kubwalo, muikireni lamulo lakuti makhadi a m'buku lalikulu satuluka m'nyumba, ndipo osinthanitsa akhale m'kabokosi kena. Akalakwitsa n'kupereka khadi la madola awiri pa la masenti 10, musapite kukalanda; ingomusonyezani mmene akanaonera mtengo wake.

Malo amene mukukhalawo akukupatsani zinthu ziwiri zimene otolera ambiri alibe. South Bend Cubs yakhala timu yokulitsira osewera a Chicago Cubs kuyambira 2015, ndipo anyamata amene mukuwaona pa Four Winds Field ndi amene ena mwa iwo adzadutse m'matimu ena okulitsira osewera a ku Knoxville ndi ku Iowa mpaka kukafika pa Wrigley Field, bwalo la Chicago Cubs. Matimu ang'onoang'ono otere amakonda kugulitsa makhadi a osewera awo a chaka chimenecho kusitolo ya pabwalo, osindikizidwa ochepa, ndipo osewera ake amasainira ana mosavuta masewera asanayambe. Tengani cholembera chabuluu chosafufutika, ndipo khadi likakhala loterera kwambiri lipukuteni kaye ndi chofufutira choyera kuti inki igwire m'malo momwazika timadontho. Chachiwiri ndi chakuti msonkhano waukulu kwambiri wa otolera, National Sports Collectors Convention, umachitikira kawirikawiri ku Rosemont pafupi ndi Chicago, monga mu 2019, 2021, 2023 ndi 2025, ndipo sitima ya South Shore Line imachoka ku South Bend mpaka pakati pa mzinda wa Chicago. Kumeneko, ngakhalenso kumisika ing'onoing'ono ya makhadi ya kumapeto kwa sabata, dutsani matebulo a magalasi onyezimira mupite pa mabokosi aatali amene khadi lililonse ndi masenti 10 kapena 25, mndandanda uli m'manja. Kumbukirani kokha kuti pafupi ndi Chicago makhadi a Cubs amakhala atasankhidwa kale ndiponso okwererapo mtengo, kotero mabokosi oyenera kuyamba nawo ndi a ogulitsa amene achokera kumadera akutali.